Ng'ombe ya Amayi Aang'ono ndi Mzere Umodzi wa Java

Tamanda ndi Yohane, mwandiumiriza kwa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yomwe ndinkagwira, poti mukuti anzanu akakufunsani mumangoyankha kuti mayi anu anali a makompyuta, basi. Tsopano ndapuma, ndipo mawondo sandilolanso kukhalitsa kumunda, ndiye ndayamba. Za ubwana wanga ku Namitambo munazimva kale kwa abale, ena owonjezera ena ochotsera. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudzuka m'mawa chifukwa cha bwana.

Limbe, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata pa kampani ina yonyamula katundu ku Limbe. Ndinkakhala kwa msuweni wanga ku Bangwe, ndipo m'mawa ndinkatsetsereka wapansi, nsapato zantchito zili m'chikwama kuopa fumbi, n'kukazivalira pakhomo pa ofesi. Bwana wanga anali a Saidi, bambo wamtali wosachedwa kukwiya komanso wosachedwa kuiwala. Ukalakwitsa chilembo chimodzi ankakubwezera kalata yonse osanena kanthu, n'kungoloza ndi chala. Miyezi yoyamba ndinkalira m'chimbudzi. Kenaka ndinaleka kulakwitsa.

Kompyuta yoyamba itafika pa kampaniyo anaipatsa chipinda chakechake, ndipo madzulo ankaifunditsa nsalu kuti isalowe fumbi. Ine ndikamadutsa ndi makalata ndinkachedwa dala pakhomopo. Tsiku lina a Saidi anandipezerera ndikusuzumira.

"Kristina, ukuifuna?"

"Ayi bwana, ndikungoiona."

"Uziiona chonchi mpaka liti? Ukamaliza makalata uzikhala pamenepo. Ukaiononga, tidzakambirana ikadzaonongeka."

Sindinaiononge. Chaka chotsatira a Saidi analimbana ndi eni kampani mpaka anandilola kupita kusukulu yamadzulo ku Blantyre, komwe ndinaphunzira kuti makina aja sachita chilichonse mwa nzeru zake, amangotsatira zomwe munthu wawalembera, mzere ndi mzere. Kuyambira pamenepo ndinasiya kutayipa makalata, n'kuyamba kulemba timapulogalamu tosunga maulendo a malole ndi katundu wake. M'zaka zomwezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, a Namaona, omwe anali mphunzitsi, ndipo nonse awiri munabadwa. Iwe Yohane utagonekedwa m'chipatala kwa nthawi yaitali uli khanda, a Saidi anasunga malo anga osalemba wina. Sindinawafunse kuti anawauza chiyani eni kampani, ndipo iwonso sananene.

Ku Boma, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Kampani ija itayamba kufooka, bambo anu anali atasamutsidwira kale kusukulu ina kuno ku Chiradzulu. Ndinaona kuti zomwe ndinkadziwa zikukalamba limodzi ndi ine, choncho ndisanachoke m'tauni ndinalembetsa kosi ya chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Java. M'kalasi monse ndinali wamkulu ndine, ndipo anzanga ankandiitana kuti anti. Chomwe chinandikoka mtima pa Java ndi chakuti munthu umaumba zinthu mkati mwa pulogalamu monga zilili kunja. Ukafuna mlimi, umaumba chinthu chotchedwa Mlimi, n'kuchipatsa dzina, mudzi ndi tsiku lomwe analembetsa, kenaka umatha kukhala ndi alimi ochuluka momwe ungafunire, aliyense ndi zakezake.

Ntchito ndinaipeza pa bungwe lina laling'ono lomwe linali ndi ofesi ku Boma, lothandiza alimi kuweta ng'ombe za mkaka. Mkulu wa ofesiyo anali a Likhutcha, munthu wamfupi wonenepa, wa nthabwala, yemwe ankadziwa mudzi uliwonse m'boma lino ndi njira yake yachidule. Ofesi inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Kompyuta inalipo imodzi, ndipo magetsi ankazima pomwe ukuwafunitsitsa. Inki ya makina osindikizira ikatha tinkagwedeza botolo lake ngati mankhwala a chifuwa kuti itipatseko masamba ena ochepa. Mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri. M'chilimwe fumbi la kumsika linkalowa pawindo, ndipo Loweruka lililonse ndinkatsegula kompyuta n'kuipukuta mkati ndi burashi ya penti. Komabe ndinkasangalala, chifukwa mayina omwe ndinkawaona pa kompyuta anali a anthu omwe ndinkakumana nawo kumaliro ndi kutchalitchi. Bambo anu atamwalira, a Likhutcha anabwera ndi galimoto ya ofesi asanaitanidwe, ananyamula nkhuni, ananyamula anthu, ndipo anakhala pasiwa mpaka tinaika. Muzikumbukira zimenezi powerenga zomwe zikubwerazi, chifukwa munthu ameneyu ndinadzakangana naye.

Chaka chomwe mafuta a galimoto anasowa

Lamulo la bungwe lathu linali losavuta. Mlimi wofuna ng'ombe ankalembetsa, kenaka n'kumanga khola labwino ndi kubzala nsenjere zodyetsera. Ng'ombe zikabwera, woyamba kulembetsa ndiye ankayamba kulandira. Ng'ombeyo ikabereka thole lalikazi, mlimiyo ankalipereka kwa mnzake wotsatira pamzere. Zimenezi tinazinena pamisonkhano yonse, ndipo anthu anazigwira. Ena anali atamanga makola kalekale, madenga mpaka kuyamba kuwola ng'ombe isanalowemo.

Vuto linali lakuti anthu ankalembetsa m'malo osiyanasiyana, ena ku ofesi, ena kwa alangizi pamisonkhano ya m'midzi. Munthu akakayikira ngati dzina lake linafikadi ku Boma, ankakalembetsanso kwina. Sikunali kuba, anali mantha chabe. Nthawi imeneyo kunalibe ziphaso za unzika zomwe muli nazo lerozi, ndiye mu kompyuta mwanga dzina limodzi linkapezeka kawiri, lina katatu.

Apa ndiyenera kukufotokozerani kanthu ka ntchito yanga, ndipo musadumphe. Mu Java muli njira zingapo zosungira zinthu zambiri pamodzi. Ina timaitcha listi. Listi ili ngati mzere wa matumba kuchigayo: thumba lomwe linayamba kufika limakhala patsogolo, ndipo munthu mmodzi akhoza kuikapo matumba awiri, palibe womuletsa. Ina timaitcha seti. Seti silola chinthu chimodzi kulowa kawiri, chikabweranso imachikana. Ndiye wolemba pulogalamu aliyense amadziwa njira yachidule yochotsera mayina obwereza: umatenga listi n'kuithira mu seti, zobwereza zimagwa zokha, kenaka umabweza zotsalazo mu listi yatsopano. Ndi mzere umodzi wokha wolemba, osakwana mphindi.

Chaka chimenecho tinali ndi mathole ochepa omwe ankatidikira pa famu ina ku Thyolo. Dizilo kunalibe. Malole ankagona pamizere m'malo omwetsera mafuta, ndipo a Likhutcha anathamanga sabata zingapo akusonkhanitsa dizilo m'zigubu, kuno pang'ono uko pang'ono, mpaka anapeza wokwanira ulendo umodzi. Anagwirizana ndi mwini lole kuti ng'ombe zibwere Lachisanu. Lolemba la sabata imeneyo anandiimirira kumbuyo n'kunena kuti, "Mayi Namaona, ndikufuna mayina oyera, opanda mapasa." Ndinalemba mzere uja, mayina obwereza anagwa, ndipo ndinasindikiza pepala loyeserera kuti ndiliwerenge bwino ndisanalipereke. Tsamba lomaliza likutuluka, magetsi anazima. Ndinalemba pamwamba pake ndi pensulo kuti silinayenderedwe, n'kulisiya patebulo. M'mawa mwake ndinapita ku Limbe kukasaka inki, ndipo chifukwa cha kusowa kwa maminibasi ndinabwerako dzuwa litapendeka.

Lachitatu m'mawa ndinapeza pepala lija litakhomedwa pa bolodi panja pa ofesi, anthu ataunjikana akuwerenga. A Likhutcha anali ndi msonkhano wa alangizi dzulo lake, nthawi inawathera, ndipo anangolitenga. Ndinayandikira n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Pakati pa mayina oyambirira, omwe ng'ombe za Lachisanu zinali zawo, panali dzina la a Eneresi, amayi anga aang'ono.

Poyamba ndinasangalala, kenaka ndinayamba kukayikira. Amayi aang'ono anali atalembetsa dzinja lomwelo, mochedwa kuposa anthu ambiri. Ndinkadziwa bwino chifukwa ndinawaperekeza ndine. Ndinalowa mu ofesi, mwamwayi magetsi analipo, ndipo ndinaona chomwe chinachitika. Seti yomwe ndinagwiritsa ntchito, yotchedwa HashSet, imachotsadi zobwereza koma sisamala za yemwe anayamba kufika. Imaika zinthu momwe yaonera kuti izizipeza msanga. Pobweza mayina mu listi, anabwera osakanikirana ngati nyemba zokhuthulidwa m'thumba. Izi ndinkazidziwa kuchokera kusukulu, ndipo n'chifukwa chake pepalalo ndinkafuna kuliyendera kaye. Ndili pomwepo analowa a Tebulo, alangizi a dera la Likoswe, chipewa chili m'manja.

"Amayi, pepani, koma Rozina Chikopa ndikumuona mmodzi."

"Analembetsa kawiri, a Tebulo. Mudzi womwewo, dzina lomwelo."

"Iyayi. Alipo awiri. Wina ndi azakhali a mnzake, anamupatsa dzina ndi iwowo. Makola alinso awiri, ndinakawayendera ndekha."

Apa mpomwe ndinaona kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Seti kuti ikane chinthu chobwereza imafunika uiuze kuti zinthu ziwiri zikhala chimodzi zikafanana pati. Pulogalamu yathu inkati alimi awiri ndi munthu mmodzi ngati dzina ndi mudzi zafanana, chifukwa panalibe china chogwira. Kwathu kuno, komwe mwana amatenga dzina la agogo ake kapena la azakhali ake n'kumanga nyumba pafupi pomwepo, lamulo limenelo linameza munthu wamoyo. Ndipo ngati linameza Rozina, sindikanadziwa kuti lameza angati.

Ndinapita kwa a Likhutcha n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Za Rozina tikonza, timulemba pamanja," anatero. "Koma za mzerewu, bwanji tingousiya? Kompyuta yasakaniza, ndiye kuti yachita maere. Ilibe mbale, ilibe mdani. Palibe angatiloze chala."

"Bwana, sitinawalonjeze maere. Tinawauza kuti woyamba ndi woyamba."

"Mayi Namaona, pepala anthu aliwerenga kale. Ena apita kukauza akazi awo. Mukufuna ine ndikalichotse, ndikhome lina, kenaka ndiime pakhomopa n'kumati pepani inali kompyuta? Nanga lole? Dizilo ameneyu ndamupeza bwanji, mukudziwa inu?"

"Mzere ndiukonza lero lomwe, si wovuta. Koma mayina ofanana aja ndiyenera kukawaona ndi maso. Lachisanu sizitheka."

Anaika makiyi patebulo n'kundiyang'ana. "A Eneresi aja si mayi anu?"

"Ndi amayi anga aang'ono."

"Ndiye mukudziwa kuti mukakonza atsika?"

"Atsika kwambiri."

"Pitani mukaganize. Mundiyankhe masana."

Ndinatuluka n'kukakhala pabenchi kuseri kwa ofesi, pomwe amayi ogulitsa tomato ankasungira madengu awo. Inu a Eneresi mukuwakumbukira ali okalamba, oyenda ndi ndodo. Ine ndimawakumbukira atasenza sutikesi yanga pamutu kundiperekeza kukakwera basi yopita ku sekondale, mayi anga ondibala atamwalira chaka chomwecho. Ndi iwo anandimanga nsalu m'chiuno tsiku la ukwati wanga. Iwe Tamanda unasiyira kuyamwa m'manja mwawo. Panthawi yomwe ndikunenayi anali akulera zidzukulu zamasiye, ndipo ng'ombe ya mkaka ikanasintha khomo limenelo. Sindinabe kanthu, sindinasunthe dzina lawo ndi dzanja langa. Linakwera lokha, bwana wanga anali wokonzeka kulisiya pomwepo, ndipo chomwe chinkafunika kwa ine chinali kungokhala chete. Ndikuuzeni zoona, ndinakhala pabenchipo ndikufunafuna njira yoti chete ameneyo akhale wolungama. Ndinaganiza kuti mwina ndi Mulungu wawakumbukira. Koma nthawi zonse ndikafika pamenepo ndinkaona makola aja a madenga owola, a anthu omwe anamanga chifukwa anakhulupirira mawu athu, ndipo omwe tsopano anali pansi pa pepala osadziwa chifukwa chake.

Masana ndinalowanso. "Bwana, ndikonza."

A Likhutcha anapuma mozama. "Chabwino. Mwini lole ndilankhula naye ine, ngakhale andinyoza. A ku famu ndiwapempha atisungire. Koma kwa anthu omwe atsike mukapita nokha. Ine nkhope imeneyo ndilibe."

Kukonza pulogalamu sikunanditengere nthawi. Pali mtundu wina wa seti wotchedwa LinkedHashSet, womwe umakana zobwereza koma umakumbukira yemwe anayamba kulowa. Ndinasanja mayina potsata tsiku lolembetsa, n'kuwathira m'menemo, ndipo pobwerera mu listi aliyense anaima pamalo pomwe anaima tsiku loyamba. Ndinalembanso kachigawo kena koti dzina lililonse lomwe seti yalikana lisatayike, koma lipite pa pepala lapadera loti munthu akalifufuze. Ntchito yeniyeni inali ya miyendo. Njinga yamoto ya a Tebulo inalibe petulo, ndiye tinabwereka njinga zakapalasa ziwiri n'kuyamba kuzungulira midzi, ine mayi wa zaka zoyandikira makumi asanu, chitenje nditachimanga pamwamba pa siketi.

Ku Likoswe tinawapeza a Rozina onse awiri akusenda chinangwa pakhonde limodzi. Nditafotokoza kuti makina anawayesa munthu mmodzi, aakuluwo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ine ndi uyu munthu mmodzi? Ine mano anatha, uyu ali nawo onse. Makina anuwo alibe maso?"

"Alibe, amayi. Maso ake ndife, n'chifukwa chake tabwera."

"Ndiye mwachotsa uti?"

"Wamng'onoyu, poti analembetsa pambuyo panu."

Wamng'onoyo sanaseke. Anatitengera kuseri kwa nyumba yake n'kutionetsa khola, lomanga bwino, pansi pothira miyala, nsenjere zitatalika kupitirira munthu. Anati mwamuna wake anapita ku Joni ndipo analeka kuimba foni, khola limenelo anamanga yekha ndi mchimwene wake. Tinapezanso ena otero m'midzi ina, bambo ndi mwana wake, ndiponso anthu awiri osadziwana n'komwe. Kuyambira sabata imeneyo mlimi aliyense tinamupatsa nambala yakeyake pa kakhadi, ndipo pulogalamu inayamba kuzindikira munthu ndi nambalayo, osati dzina. Kwa omwe anatsika pamzere ndinapita khomo ndi khomo. Ena anamvetsa. Bambo wina anandithamangitsa pakhomo pake n'kunena kuti ndadya ziphuphu, ndipo sindinamuyankhe, chifukwa ndikanakhala iye ndikanaganiza chimodzimodzi.

Namitambo, Lamulungu lotsatira

Kwa amayi aang'ono ndinapita pomalizira, ndipo sindibisa kuti ndinkazengereza. Ndinafika anthu atangoweruka kutchalitchi. Uthenga wa pepala loyamba unali utawafika kale. Ndinapeza chingwe chatsopano chitapachikidwa pamtengo wa khola, ndipo chomweramo ng'ombe chinali chitatsukidwa. Atandiona anaponya ndowa pansi n'kuyamba kululutira, akuvina pang'onopang'ono kubwera kwa ine.

"Mwana wanga! Ndinadziwa ine kuti sukulu ija sinapite pachabe!"

Anandiyalira mphasa, anatuma mdzukulu kukagwira nkhuku. Ndinawagwira dzanja n'kuwapempha kuti nkhukuyo aisiye kaye, akhale pansi. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera inu, za matumba a kuchigayo, za Rozina, za makola owola. Anamvetsera osandidula, maso ali pa chingwe chija.

"Ndiye ng'ombe sikubwera."

"Ibwera amayi, koma osati ulendo uno. Mudikira thole la kwa mnzanu."

"Liti?"

"Mwina chaka chamawa, mwina kupitirira."

"Kodi ine ukundiona ngati wa zaka zingati, Kristina?" Anatembenuka kundiyang'ana. "Tandiuza chimodzi. Wandichotsa ndi makinawo, kapena ndiwe?"

Ndikanatha kunamizira makina, ndipo akanakhulupirira. "Makina ndi omwe anakukwezani molakwitsa. Wakubwezani pamalo panu ndine."

"Bwana wako anakukakamiza?"

"Ayi. Iwo amati tizisiye."

Anadzuka pang'onopang'ono, anapita pakhola, anamasula chingwe chija n'kuchipinda bwinobwino, n'kulowa nacho m'nyumba. Ndinadikira pamphasapo mpaka mthunzi unasuntha. Sanatulukenso. Mdzukulu wawo wamkazi ndi yemwe anandiperekeza kumsewu.

Ng'ombe zinabwera patapita sabata ina. A Likhutcha anakhala masiku angapo akundilankhula za ntchito zokhazokha, opanda nthabwala, ndipo zinkandiwawa kuposa kukalipiridwa. Tsiku logawa, anthu anadzaza bwalo, ndipo mayina ankaitanidwa potsata momwe analembetsera. Panalibe phokoso, chifukwa aliyense ankakumbukira yemwe anayamba ndi yemwe anatsatira. A Rozina aakulu analandira tsiku limenelo, ndipo wamng'ono anali womaliza kulandira pa ulendowo. Lole itachoka, a Likhutcha anabwera pomwe ndinaima, thukuta lili kamukamu, n'kundipatsa botolo la zakumwa lomwe anali atatsegula kale. "Imwani, Mayi Namaona, mwayenda mokwanira," anatero. Nkhani ija sitinaikambenso mpaka anapuma ntchito.

Amayi aang'ono ndiye anatenga nthawi. Ndikapita kumudzi ankandiyankha moni monga amayankhira mlendo, mwaulemu wonse, n'kunditcha Mayi Namaona. Pa Khirisimasi ndinawatumizira shuga ndi nsalu, analandira, anathokoza kudzera mwa mwana. Kumaliro a msuweni wathu tinakhala mphasa imodzi osayang'anana. Abale ena ankati ndadzikuza chifukwa cha ntchito ya mu ofesi. Inu munali kutali kumaphunziro ndipo sindinakuuzeni. Panali masiku omwe ndinkadzifunsa ngati ndinachita bwino, makamaka nditamva kuti adwala chibayo m'nyengo yozizira ndipo agonekedwa. Ndinapita kukawadikirira kuchipatala, ndinawasambitsa, ndinawamwetsa phala, ndipo onse awiri tinkadziwa chomwe ndinkaopa, koma palibe anachitchula. Anachira.

Patapita chaka ndi miyezi

Thole lawo linachokera kwa mlimi wina wa kufupi ndi kwawo, yemwe ng'ombe yake inabereka lalikazi. Mwambo wopatsirana unkachitikira pamudzi, ndipo kawirikawiri ine sindinkapitako, inali ntchito ya alangizi. Koma m'mawa wa tsikulo a Likhutcha anaima pakhomo pa chipinda changa n'kunena kuti galimoto ikupita ku Namitambo ndipo mpando wakutsogolo ulibe munthu.

Tinapeza anthu atasonkhana pakhomo pa amayi aang'ono. Thole linali lakuda ndi mawanga oyera, lamantha, likukoka chammbuyo. Amayi aang'ono analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chingwe chija, chikadali chatsopano, n'kulimanga okha m'khosi. Analisisita pamphumi, analilankhula motsitsa mawu. Ine ndinaima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi galimoto. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyamba kuyang'anayang'ana.

"Kristina ali kuti? Iwe Kristina, tabwera kuno."

Anthu anandipatsa njira. Anagwira khutu la thole lija, pomwe panali kachikwangwani ka nambala, n'kulitembenuzira kwa ine.

"Werenga apa. Uwerenge bwinobwino, ufananize ndi pepala lakolo. Ndisadzakuone Lamulungu ukubwera ndi nkhope yamaliro kuti makina analakwitsa."

Anthu anaseka. Ine ndinawerenga nambalayo mokweza, ndinayang'ana pa pepala, ngakhale maso sankaona bwino.

"Ndi yanu, amayi."

"Mwamva nonse? Wanena ndi uyu. Uyu akati ndi yako, ndiye kuti ndi yakodi, ngakhale mfumu singakulande." Anandipatsa nsonga ya chingwe. "Gwira, tilowetse. Ukatero ukagwire nkhuku ija, yakalamba ikukudikira."

Anaikama ng'ombe imeneyo zaka zingapo asanamwalire, ndipo thole lake loyamba lalikazi analipereka okha kwa wotsatira, tsiku lake lisanakwane n'komwe. Ine ndinagwirabe ntchito pa bungwelo mpaka tsiku lopuma, ndinaphunzitsa atsikana awiri omwe anatenga malo anga, ndipo pulogalamu ija anailembanso mwatsopano kuti izigwira pa foni, zomwe ine sindikanatha. A Saidi ndi a Likhutcha onse anatisiya. Ndinakhala ndi mabwana abwino kuposa momwe anthu ambiri amakhalira nawo, ndipo ndikufuna mayina awo akhale m'nyumba mwanu.

Amayi aang'ono atadwala komaliza anaitana abale n'kugawa zinthu zawo pakamwa, poti kulemba sankadziwa. Mbale ndi nsalu zinapita kwa zidzukulu, munda kwa mwana wawo wamkazi. Atafika pa ng'ombe, yomwe panthawiyo inali ndi mwana wina wamkazi, anati yaikuluyo ikhale ya ana amasiye aja. Kenaka anandiloza ndi chibwano.

"Kamwanako mumupatse Kristina akadzapuma ntchito. Koma adikire kaye. Nayenso aone m'mene zimakhalira."

Ndinadikira zaka zinayi.